Mabotolo Asanu ndi Limodzi a Madzi a ku Nkhata Bay

Lamulungu usiku, ku Chibavi

Ndafika bwino kuno ku Mzuzu. Basi inanyamuka ku Lilongwe m'mawa, pa Kasungu dzuwa linali likuswa mtengo, koma titangopitirira pa Jenda n'kuyamba kukwera mapiri a Viphya, nkhungu inagwira msewu wonse. Pa Chikangawa dalaivala anachita kuyatsa nyali masanasana. Paini uja tinkamusirira tili ana watha malo ambiri, kwatsala zitsa ndi mitengo yodzalidwa kumene.

Azakhali anandichingamira pa depoti juzi ili m'manja. "Vala iyi mwanangu, kuno si ku Salima," anatero. Panopa ndamwa tiyi ndi chinangwa chophika, mvula ikuwaza padenga.

Chimene ndabwerera n'ichi. Kabungwe kathu kapeza ndalama pang'ono zogulira zipangizo zoyezera madzi a m'mphepete mwa nyanja, makamaka pamene pamathira madzi oipa a m'nyumba, m'misika ndi m'malo ogona alendo. Tiyambira ku Nkhata Bay. Ndalamazo zingakwane chida chimodzi chapamwamba kapena tizida tambiri totchipa, zonse ziwiri ayi. Ku ofesi tagawikana pawiri. Achinyamata akufuna makina oika m'madzi oti azitumiza okha manambala pa foni. Ine ndakulira m'labu, manja anga anazolowera mabotolo ndi timbale tomeretsera tizilombo, choncho ndikudziwa kuti mtima wanga wapendekera kale mbali imodzi. N'chifukwa chake ndinapempha kuti ndidzaone kaye malowo tisanasainire kalikonse. Ndizilemba pano madzulo aliwonse.

Lolemba

Ndinaganiza zoyambira kumtunda. Msuweni wanga ali ndi njinga yamoto ya kabaza, ndiye lero ndamulemba ganyu tsiku lonse. Tazungulira Chibavi, Chiputula, Ching'ambo mpaka ku Mchengautuwa.

Mzuzu unamangidwa pa zitunda, ndipo pakati pa chitunda ndi chinzake pali dambo. Anthu atachuluka, nyumba zinatsikira m'madambomo. Nyengo ya mvula ino ukakumba dzenje lofika m'chiuno, madzi ayamba kale kutumphuka. Ndiye chimbudzi chokumba sichichedwa kudzaza, ndipo chitsime cha pakhomo chimakhala chapompo, nthawi zina mapazi owerengeka okha. Madzi a m'mipopi alipo, a Northern Region Water Board amawatenga ku damu la Lunyangwa, koma banja limene lilibe ndalama ya pa kiyosiki tsiku limenelo limabwerera kuchitsime. Mapaipi a suweji olumikiza mzinda wonse kulibe. Ena ali ndi maseputiki, ambiri ndi zimbudzi zokumba. Galimoto zopopa zimbudzi zimakataya ku maiwe a kunja kwa mzinda, koma m'tinjira tina tomwe tadutsa lero ngakhale njinga yathu imachita kukankhidwa. Amayi ena ogulitsa makala anandiuza mosabisa kuti kumeneko chimbudzi chikadzaza, ena amadikira mvula yamphamvu usiku n'kuboola m'mbali. Sanalankhule monyadira. Anangoti, "Nanga atani?"

Madzulo ndinayala mapu pamphasa. Mtsinje wa Lunyangwa ukachoka mumzinda sulunjika kunyanja. Umayamba walowera chakumadzulo n'kukathira mu Kasitu, Kasitu amathira mu South Rukuru, ndipo South Rukuru ndi amene amakafika kunyanja m'boma la Rumphi. Zonyansa za m'madambo ndawaona lero zili ndi ulendo wautali. Koma khalidwe lake ndi lomwelo kulikonse m'mphepete mwa nyanja yathu, ndipo ili ndilo phunziro langa la lero.

Makatalogi amene achinyamata anandipatsa analembedwera malo ngati Cape Town. Kumeneko ku Green Point, ku Camps Bay ndi ku Hout Bay kuli mapaipi aakulu oyenda pansi pa nyanja yamchere, otulutsira suweji kutali ndi gombe. Paipi ikakhala imodzi, malo oikapo makina amadziwika: pakamwa pake, ndi mbali imene madzi amayenderera. Kwathu kuno paipiyo kulibe. Kuli ngalande, timifuleni, maseputiki othonya pansi pa mchenga, ndi mvula imene imakokolola zonse pakamodzi. Makina amodzi ndingawaike pati?

Lachiwiri

Tsiku la m'nyumba, ndipo mutu wagwira ntchito kuposa dzulo.

M'mawa ndinapita ku Luwinga. Kumeneko, ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni), kuli likulu la kafukufuku wa madzi ndi ukhondo, ndipo zambiri zimene timadziwa za zimbudzi ndi zitsime za mumzinda muno zinachokera kwa anthu a kumeneko. Ndinacheza ndi ophunzira awiri, mmodzi wavomera kundiperekeza kunyanja mawa.

Masana ndinakaona mnzanga wakale amene amagwira ntchito mu labu ina muno mumzinda. Nditamufotokozera za mkangano wa ku ofesi sanayankhe. Anatsegula kabati n'kutulutsa chida chofanana ndi chomwe achinyamata athu akuchifuna, chimene akatswiri amachitcha sonde. Ndi chitoliro chotalika ngati mkono, kunsonga kwake kuli timitu tingapo. Kena kamayeza kutentha kwa madzi, kena pH (mlingo wa asidi m'madzi), kena okosijeni, kena kuvunduka kwa madzi, kena kuchuluka kwa mchere wosungunuka. Ukachisiya m'madzi chimalemba manambala mphindi 15 zilizonse, usana ndi usiku. Ndinachinyamula m'manja, ndipo ndisaname, ndinachisirira. Munthu akatsegula seputiki 2 koloko usiku, chida ichi chokha ndi chimene chingakhale maso.

"Chagona muno nthawi yaitali, achimwene," anatero mnzangayo. Chinabwera ndi pulojekiti ina, pulojekitiyo inatha. Kamutu ka pH kali ndi moyo wake, kakatha kamafuna kena. Timadzi toyesera ngati chidacho chikunena zoona timaguga m'botolo. Zonsezi zimaitanitsidwa kunja ndi madola, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa kalikonse kochokera kunja unalumpha. Palinso ndere. M'madzi ofunda ngati a nyanja yathu, milungu yochepa yokha timitu tija timakutidwa ndi ndere ndi matope, ndipo manambala amayamba kusokera pang'onopang'ono munthu osazindikira. Zida zamakono zili ndi kaburashi kodzipukuta, komabe pamafunika munthu wopalasa bwato kukachitulutsa, kuchitsuka ndi kuchiyesa. Tisanenenso za batire ndi sola zosiyidwa pamadzi usiku, pamalo pomwe makoka amadutsa.

Koma chachikulu pa zonse n'chakuti sonde siwerenga tizilombo. Ingakuuze kuti madzi avunduka, kapena kuti okosijeni watsika. Singakuuze ngati mwana angasambemo. Chimene timafunafuna pofuna kudziwa ngati chimbudzi cha munthu chalowa m'madzi ndi E. coli, kachilombo kokhala m'matumbo, ndipo kuti ukawerenge uyenera kukameretsa kaye. Kumera kumafuna maola 18 mpaka 24. Apa ndiye pagona vuto lonse la ntchito yathu: chimene chimayankha msanga sichiyankha funso lenileni, chimene chimayankha funso lenileni chimayankha mawa.

Pali chida china chimene chikuyesera kulumikiza ziwirizi. Chimawalitsa kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa UV m'madzi n'kuyeza kunyezimira kwa zinthu zonga tryptophan, zimene zimachuluka pomwe pali tizilombo ndi zonyansa zatsopano. Yankho limabwera nthawi yomweyo. Akatswiri a British Geological Survey anachiyesa pa zitsime za ku Kabwe ku Zambia, chinathandiza kuloza zitsime zoipa. Madzi a m'chitsime komabe ndi odekha. Madzi ovunduka a pamathiriro a mtsinje amachisokoneza, ndipo musanachikhulupirire mumayenera kuyerekeza manambala ake ndi a m'timbale kwa nyengo zingapo pamalo omwewo. Ndiye ngakhale mutachigula, timbale simutithawa.

Mnzangayo anandikumbutsanso chinthu chimene achinyamata athu sanachione m'makatalogi aja. M'nyanja yamchere, madzi a suweji amakhala opanda mchere poyerekeza ndi owazungulira, choncho makina akaona mchere watsika amadziwa kuti suweji wafika. M'nyanja yathu zimatembenuka. Madzi ake ndi ozuna, a mchere wochepa kwambiri, ndiye pomwe suweji walowa mcherewo umakwera. Ndiponso E. coli safuna mchere, amafa msanga m'nyanja yamchere, n'chifukwa chake ku magombe a kunja amakonda kuwerenga tizilombo tina totchedwa enterococci, timene malangizo a 2021 a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO a madzi osambamo amagwiritsa ntchito. M'madzi ozuna E. coli amatumikirabe bwino. Munthu wongokopera ndondomeko ya ku gombe lamchere angayeze zinthu molondola n'kumasulira mozondoka.

Mnzangayo wandibwereka bokosi loyezera madzi la DelAgua, lokhala ndi chofungatira timbale choyendera batire. Ine ndinabwera ndi timatumba ta Aquagenx toyezera E. coli ndi kamita ka m'manja koyezera mchere. Mawa tinyamuka 4 koloko.

Lachitatu

Lero ndatopa, koma ndiyenera kulemba zonse zisanazilale.

Tinakwera Sienta yoyamba. Kuchoka mu Mzuzu kukafika ku Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 50, kutsetsereka kokhakokha. Tisanafike pa Mpamba juzi ya azakhali inali italowa kale m'chikwama. Tinafika kukucha, asodzi akubwerera ndi usipa wa usiku, nyali zawo zitazima, amalonda atandandana ndi mabeseni.

Kulawira kumeneku kunali ndi chifukwa. Dzuwa limapha tizilombo ta pamwamba pa madzi. Botolo lotungidwa 6 koloko m'mawa ndi lotungidwa 2 koloko masana pamalo amodzimodzi angakuuze nkhani ziwiri zosiyana, ndipo amayi amatunga madzi ndi kutsuka mbale m'mawa. Amene amachoka ku ofesi 9 koloko n'kufika pagombe masana amabwerera ndi madzi oyera kuposa amene anthu amagwiritsa ntchito.

Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, mayi wachikulire ndithu wovala yunifolomu yake, anali atatidikira. Ndi amene anasankha malo, ndipo anasankha bwino kuposa mmene mapu anga akanachitira. Pamathiriro a kamtsinje kodutsa m'tauni. Pomwe amayi amachapa. Pokocheza mabwato. Kunsi kwa malo ena ogona alendo, pomwe mchenga umakhala wonyowa ngakhale kulibe mvula. Pamiyala pomwe ana amadumphira. Lomaliza, pakati pa doko, loti tiziyerekezera nalo enawo. Mabotolo asanu ndi limodzi.

Pa malo ochapira ndi pomwe pandichitikira chimene chandikhala kumtima. Ndili m'madzi mpaka m'mawondo, botolo ndalimiza, agogo ena amene amatsuka mapoto anaimirira. Anayamba m'Chitonga, ataona kuti sindikumva bwino anatembenukira ku Chichewa.

"Mwabweranso kudzatenga madzi athu, bambo?"

Ndinawapatsa moni, n'kufotokoza kuti tikufuna kudziwa ngati madziwo ali ndi tizilombo.

"Chaka cha kolera kunabweranso ena ndi mabotolo ngati amenewo. Anatunga apa, anatunga apo. Mpaka lero sitinamve kuti anapezamo chiyani. Mdzukulu wanga tinamuika m'manda chaka chimenecho."

Ndinasowa chonena. Kolera uja anayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo chakumapeto kwa chaka chimenecho Nkhata Bay linali limodzi mwa maboma ovutika kwambiri. Manambala amenewa ndawalemba m'malipoti kangapo. Lero ndinaima pamaso pa munthu amene nambala imodzi inali mdzukulu wake, ndili ndi botolo m'manja ngati aja anabwera kale. Ndinawalonjeza kuti Lachisanu ndibwera kudzawauza zomwe ndapeza. Anangoti, "Tiona," n'kuweramiranso pamapoto awo.

Botolo lomaliza tinakatunga pa bwato. Msodzi wina anatipalasa mpaka pakati pa doko. Wophunzira uja anatulutsa chivindikiro cha ndowa chimene anachipenta zoyera ndi zakuda, n'kuchimangirira chingwe chokhala ndi mfundo ndi mwala pansi pake. Ichi ndi chida chakale kwambiri pa ntchito yathu. Wansembe wa ku Italy, Angelo Secchi, anachigwiritsa ntchito mu 1865. Umachitsitsa mpaka chitasowa m'maso, n'kuwerenga mfundo. Pakati pa doko chingwe chathu chinatha chivindikiro chikuonekabe, mbuu pansi pa madzi obiriwira. Pamathiriro a kamtsinje chinasowa dzanja langa lisananyowe mpaka m'chigongono. Msodziyo anaseka, akuti zimenezo amazidziwa ndi maso. Ndinamuyankha kuti n'zoona, koma maso ake salemba m'kope, ndipo pakatha zaka zisanu palibe angakumbukire kuti Janyuwale wa chaka chino madzi anali otani.

Tili pabwatopo ndinayang'ana kuzama kwa madziwo. Chakumpoto kuno nyanja imazama mpaka mamita pafupifupi 700, ndipo madzi a pansi penipeni sasakanikirana ndi a pamwamba, alibe ndi okosijeni yemwe. Potulukira ndi pamodzi pokha, mtsinje wa Shire, ndipo madzi ambiri amachoka ngati nthunzi. Nthunzi imasiya zonse zimene zinasungunuka m'madzimo. Anthu amati nyanja ndi yaikulu, imameza chilichonse. Imamezadi, koma silavula. Komabe chimene chimadwalitsa ana sichili pakati pa nyanja. Chili m'kamzere kochepa ka m'mbali, mapazi makumi angapo kuchoka pamchenga, pomwe madzi amafika m'mawondo.

Madzi a pa malo atatu tinathirako m'timatumba ta Aquagenx pomwepo, n'kusiyira mlangizi uja kuti atisunge kunyumba kwake. Mabotolo tinawaika m'kulabokosi ndi ayisi wogula kwa ogulitsa nsomba. Madzi oyeza tizilombo amafunika kufika pa sefa maola 6 asanathe, choncho nsima ya kondowole ndi nsomba ya batala zimene ndinkaziyembekezera ndinazisiya. Sienta yobwerera inachedwa kudzaza, ine maso ali pa wotchi.

Tinafika nthawi ikadalipo. Ntchito ya DelAgua ndi ya manja. Umayatsa timadontho ta methanol m'kachitini kuti uphe tizilombo ta m'zida, umasefa madzi pa kapepala ka timabowo ta mamaikuromita 0.45, umakaika m'kambale konyowa ndi chakudya cha tizilombo, n'kutsekera m'chofungatira pa madigiri 44. Madzi oyera timasefa mamililita 100. A pamathiriro ndinasefa ochepa kwambiri, chifukwa matope akanatseka sefa. Bokosi lili pakona m'chipinda chino, kanyali kake kakuyaka.

Lachinayi

Magetsi anazima pakati pa usiku, anabwera kutacha. Batire la bokosi linapirira. Chikanakhala chofungatira cha pakhoma, ntchito yonse ya dzulo ikanapita pachabe.

Ndinatsegula timbale 6 koloko, azakhali ataima pakhomo ndi tochi. Timadontho tachikasu ndi timene timawerengedwa. Kambale ka pakati pa doko kanali pafupifupi koyera. Ka pamiyala ya ana kanali ndi timadontho towerengeka. Ka pamathiriro kanachita chikasu chokhachokha, timadontho titagundana mosawerengeka, ngakhale ndinasefa madzi ochepa. Ka pa malo ochapira, pomwe agogo aja amatsuka mapoto, kanali kodzaza ndithu. Madzi akumwa, malinga ndi WHO, sayenera kukhala ndi E. coli ngakhale mmodzi m'mamililita 100. Chimene chinandidabwitsa ndi kunsi kwa malo ogona alendo kuja. Madzi ake anali oyera m'maso, chivindikiro cha Secchi sichikanawakayikira, koma kamita ka mchere kanakwera pang'ono dzulo, ndipo lero kambale kake kavomereza. Pansi pa mchenga umenewo pali chimene chikuthonya.

Masana mlangizi anatumiza zithunzi za timatumba pa WhatsApp. Kathumba kalikonse kali ndi zipinda zisanu zosiyana kukula, ndipo chipinda chokhala ndi E. coli chimasanduka chobiriwira. Timatumbati sitifuna magetsi, timangofuna malo ofunda kuposa madigiri 25. Kuno ku Chibavi usiku tikanazizidwa, koma ku Nkhata Bay nyumba iliyonse ndi chofungatira. Vuto lake n'lakuti tinapangidwira madzi akumwa, ndiye timalekezera pa tizilombo pafupifupi 100 m'mamililita 100. Ta pamathiriro ndi pochapira tonse tinabiriwira zipinda zonse zisanu, osasiyanitsa poipa ndi poipitsitsa. Njira yothetsera vutoli ndi kusungunula kamlingo kochepa ka madzi a m'nyanja m'madzi owiritsa n'kuchulukitsa yankho. Mlangiziyo anamva kamodzi kokha pa foni.

Chakumadzulo wophunzira uja anabwera ndi laputopu kudzandionetsa zithunzi za setilaiti ya Sentinel-2. Ndi zaulere, setilaitiyo imajambula malo amodzi masiku asanu aliwonse, ndipo kadontho kamodzi ka pachithunzi ndi mamita 10 pansi pano. Pa chithunzi china chakale tinaona bwino lomwe madzi ofiira a mtsinje wa Luweya akulowa m'nyanja cha ku Chintheche. Zokongola, ndipo zothandiza pofuna kudziwa kumene matope a mitsinje ikuluikulu amalowera. Koma zithunzi za milungu yapitayi ndi mitambo yokhayokha, ndipo nyengo ya mitambo ndi yomwe madzi amaipa. Kamzere kaja ka m'mawondo n'kochepa kuposa timadontho tiwiri. Tizilombo setilaiti siona. Tizigwiritsa ntchito poti sizidya ndalama kupatula bandulo, basi.

Lachisanu, ku Nkhata Bay

Usiku wathawu kwagwa chimvula. Titafika m'mawa, doko linali lagawikana mitundu iwiri, kofiira kugombe, kobiriwira kutali, mzere wake ukuoneka ngati wojambula. Mapepala apulasitiki, zikonyo za chimanga ndi zina zosatchulika zinali zikuyandama pomwe ana amadumphira. Ana anali momwemo.

Mlangizi anali atatunga kale madzi mvula itangokata, ine ndikadali m'Sienta. Pamenepo ndinaona chimene chida chilichonse chochokera ku Lilongwe kapena ku Mzuzu sichingachite popanda iye. Nthawi yoipitsitsa ya madzi ndi maola ochepa mvula ikangotha, ndipo amene angaipeze ndi munthu wogona pomwepo.

Agogo aja ndinawapeza. Ndinakhala pansi n'kuwaonetsa zithunzi za timbale pa foni, ka pakati pa doko ndi ka pamalo pawo. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaitana amayi anzawo. Mafunso anagwa ngati matalala. Nanga akasunthira kuseri kwa miyala? Nanga WaterGuard amapha zimenezi? Amapha, ndinatero, koma madzi ovunduka muyambe mwawasefa pansalu n'kuwadikira adekhe. Nanga likodzo likuonekanso m'kambalemo? Ayi, likodzo limadzera m'nkhono, limafuna kuyeza kwina. Palibe anafunsa dzina la chida.

Apampando a komiti ya pagombe, imene asodzi amangoti BVC, anabwera tili mkati mokambirana. Maganizo awo anali oti pakhale bolodi pafupi ndi pokocheza mabwato, lolembedwa m'Chitonga ndi m'Chichewa, losonyeza malo asanu ndi limodzi aja ndi zotsatira za sabata imeneyo. Anati choko agula okha.

Tisanachoke tinamangirira kansalu ka bandeji pa chingwe n'kukamiza pamathiriro. Njira imeneyi anaiyamba Brendan Moore ku England mu 1948 posaka gwero la matenda m'suweji, ndipo ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome aigwiritsa ntchito m'mitsinje ya ku Blantyre posaka tizilombo ta taifodi. Kansaluko kamakhala m'madzi masiku awiri kapena atatu, kakukola chilichonse chodutsa, cha usiku chomwe. Kuti mudziwe chimene kakola pamafunika labu yaikulu, ndiye lero timangoyesa ngati chingwe chingapirire madzi othamanga ndi manja a ana.

Loweruka

Timbale ta dzulo tatuluka m'mawa uno. Pamiyala ya ana, pomwe Lachinayi panali timadontho towerengeka, lero pachita chikasu. Malo omwewo, masiku awiri okha, kusiyana kwake ndi mvula imodzi. Tikanayeza kamodzi pamwezi pa tsiku la dzuwa, tikanalemba kuti pamiyalapo ndi pabwino.

Ndalembera a ku ofesi. Ndawauza kuti ndalamazo tigulire bokosi limodzi la sefa lokhala ndi chofungatira cha batire, likhale ku Nkhata Bay komweko osati ku Mzuzu, kuti maola 6 aja asamathere m'Sienta. Tigule timatumba tokwanira chaka chonse, timamita tiwiri ta m'manja toyezera mchere, kulabokosi, mabotolo ndi makope. Zivindikiro za Secchi tipenta tokha. Gawo lalikulu ndithu lipite kwa anthu: kuphunzitsa alangizi a zaumoyo ndi a BVC, mayunitsi a foni, ndi kangachepe ka wopalasa bwato. Kuyeza kuzichitika Lolemba lililonse m'mawa, kuonjezapo m'mawa uliwonse wotsatira mvula yamphamvu. Kanayi pachaka tizitumiza madzi a kunsi kwa malo ogona alendo ku labu yovomerezeka, akayeze BOD (mlingo wa okosijeni amene tizilombo timadya powoletsa zonyansa za m'madzi), imene imatenga masiku asanu pa madigiri 20, komanso fosifeti ndi naitireti. Zotsatira za labu yotero ndi zimene tingapite nazo ku National Water Resources Authority, amene lamulo la madzi la 2013 linawapatsa mphamvu pa zilolezo zotayira madzi oipa, kapena ku bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA. Chithunzi cha kathumba kobiriwira chimakwanira kuchenjeza amayi pagombe, koma mwini loji angachikane.

Sindinabise zimene tikutaya. Popanda sonde, zochitika pakati pa usiku tizingoziona m'mawa zitasungunuka kale, ndipo ena amene amatsegula maseputiki mumdima sitidzawagwira. Zimenezi zikundiwawa. Ndalemba kuti tikakhala ndi makope a nyengo ziwiri za mvula, tidzadziwa malo amodzi oyenera makina otero, ndipo pamenepo ndidzakhala woyamba kupempha kuti tibwereke kapena tigule. Mmodzi wa achinyamata wayankha kale, sakugwirizana nazo, akuti opereka ndalama amakonda zooneka pa intaneti. Ndamupempha kuti akwere basi, Lolemba likubwerali adzaime nawo pa malo ochapira 6 koloko m'mawa, kenaka tidzakambirane.

Bokosi la DelAgua ndabweza kwa mwini wake. Azakhali andimangira khofi wa ku Mzuzu ndi usipa wouma, basi ndi ya 7 koloko mawa. Ndikulemba izi mlangizi watumiza uthenga: chingwe cha kansalu chikadalipo, apampando apeza thabwa la bolodi, ndipo timatumba tatsala tinayi tokha, pomwe malo ndi asanu ndi limodzi. Tiwiri tomwe tinatsalira m'chikwama changa ndapatsa msuweni wanga, akapereke kwa dalaivala wa Sienta yoyamba.